Fulashi

Pakhonde la sitolo ya a Namakhwa pa Chitakale
ndimathira nyimbo m'mafulashi a anthu,
zauzimu kapena zachikondi, mtengo ndi umodzi.
Liwuli ndimalitchula tsiku lonse
koma sindinalifunsepo kwawo.

Dikishonale ndinaitola m'matope kuseri kwa sukulu
mvula ija itatha.
Inafufuma ngati chigumu,
masamba ena anamatana, sadzalekananso.
Tsamba la liwu langa linalola kutseguka.

Akuti ndi kung'anima, ng'ani! kwa mphezi pamutu pa Chambe,
ndi kuwala kwa kamera ya Lasitoni
kumene kunatifiiritsa maso tonse pa ukwati wa Eneresi.
Akutinso ndi nkhani yodukiza nyimbo pa wailesi,
akutinso munthu wa zovala zonyezimira, wodzionetsera.
Zathu sanalembemo:
kuimba foni n'kudula isanayankhidwe
poti ya mayunitsi ndi yomweyo ya mchere.

Mlongo wanga Eneresi anali katswiri wake.
Kamodzi: ndafika bwino.
Kawiri: ndiimbireni achimwene, a kapitawo a ku tiyi andiyambanso.
Katatu: mwana watentha thupi.
Foni inkaphethira m'thumba la shati langa
ngati chiphaniphani chotsekeredwa m'botolo.

Koma m'munsi, m'tizilembo tofuna kutsinzina diso limodzi,
bukulo linaulula.
Kalekale, Angerezi asanalipatse moto,
liwuli linali la madzi.
Linali phokoso chabe, khwava!
madzi akamenya mwala n'kuthovukira pamiyendo.
Kuwala n'kobwera, mkamwini chabe.
Mwini mbumba ndi madzi.

Ndinatseka buku.
Ife tinaphunzira zimenezo popanda mayeso
usiku umene phiri linatsokomola,
napolo n'kutsika ndi miyala yonga minibasi,
nthochi, mbuzi, malata, mlatho,
zonse m'kuphethira kumodzi kwa diso.

Foni inawala cha m'ma thu koloko.
Kamodzi basi.
Ndinaiyang'ana ndi diso la tulo,
ndinati wafika bwino,
n'kukoka bulangete.

Lero kwabwera mnyamata wa kabaza,
akufuna zovinira zokhazokha, zodzaza fulashi yonse.
Ndamuthirira.
Dikishonale ndimatsamiritsira mwendo waufupi wa gome,
imanunkhabe dothi.
Nambala ija sindinafufute,
ndipo kukachita mdima ku phiri
foni ndimaiika chagada, pamene ndingaione.