Sitepe Yachitatu

Sitepe yachitatu ndiyo inayambitsa zonsezi.
A Masauso anaiphonya Lachinayi usiku,
kapu ya tiyi m'manja,
bondo pa simenti.
Iwo akuti ndi patapata.
Ine ndikudziwa kuti ndi maso:
shuga wayamba kuwadyera kuwala
mwakachetechete, ngati njenjete m'sutukesi.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Kamwala
ndi kapepala kopinda kanayi,
khonde lathu lojambula ndi bolopeni:
mtanda pamene pali mpopi,
mtanda pamene galu amagona,
mitanda itatu pa masitepe.

Mnyamata wa m'sitolo anandiyatsira khoma lonse.
Uyu ndi woyera, amayi, ngati wa kuchipatala.
Uyu wachikasu, sabaya m'maso.
Uyu amadzuka yekha munthu akamadutsa.
Aka kamadya dzuwa masana, usiku n'kumalavula.
Ndinati, nanga wopirira mvula ya Januwale ndi uti?
Anatembenuza bokosi,
nawerenga tinambala takumbuyo
milomo ikuyenda, mawu osatuluka.

Kunyumba mkangano.
Iwo akufuna dzuwa lachiwiri pamwamba pa geti,
loti mbava ikangosuzumira pampanda
ithawe chithunzithunzi chake chomwe.
Ndinati, mwaiwala la kwa a Zimba?
Limatipeza mpaka kuchipinda, kuboola katani.
Tambala wawo anasiya kudziwa nthawi,
amalira ife tisanatsuke mbale,
ndipo mvula yoyamba ikangogwa
inswa zonse za mu Chilenje
zimakachitira msonkhano pakhomo pawo.

Yotamu wamagetsi anabwera dzuwa litapendeka,
pensulo kukhutu, waya paphewa.
Sanakwere makwerero.
Anakhala pa mpando wa a Masauso,
n'kudikira mdima ufike wokha
kuti aone kumene umayambira.
Umayambira kumpopi, anatero,
kenako umakwawa, umadzagona pa masitepe.
Musaunike nkhope, amayi. Nkhope mukuzidziwa kale.
Unikani mapazi.

Ndiye tinagwirizana chonchi:
wachikasu mmodzi pansi pa malata, chakumbali,
asatiyang'ane m'maso tikamadya;
wodzuka yekha uja kugeti,
atamuweramitsa mutu asavutitse anansi;
titatu tadzuwa, tatifupi ngati bowa,
m'mbali mwa masitepe.
Waya adutse m'paipi, makoswe akuno sasala kudya.
Pangodya ya mtengo wa mapeyala
Yotamu analoza ndi pensulo. Ndinati ayi,
pamenepo pasiyeni.
Khomo lopanda kamdima kake
lili ngati munthu wosaphethira.

Mtengo wake sindiutchula.
Ndinabwereka ku chilimba, amake Tisa akudziwa.

Tsiku loyatsa ndinasesa kawiri,
ndinakolopa ndi polishi wofiira,
a Masauso anavala malaya a kutchalitchi.
Yotamu anaika chala pa switchi,
ndipo pomwepo
Chilenje yense anazima.
Wailesi ya kwa a Zimba inadukira pakati pa mawu,
dzuwa lawo lija zii,
kutali cha ku Woodlands majenereta anayamba kutsokomola.

Tinaseka mpaka galu anauwa.

Koma pansi, kumapazi,
tibowa titatu tija tinatsegula maso,
kamodzi,
kenako kena,
kachitatu mochedwa, ngati mwana wodzutsidwa kupita kusukulu.

A Masauso anaimirira.
Ndinatambasula dzanja, analikana.
Imodzi.
Ziwiri.
Anaima pang'ono, phazi m'malere,
pamene paja panawagwetsa,
n'kuponda.

Tinakakhala pangodya yamdima ija,
masamba a peyala akunong'onezana pamwamba,
fungo la mbaula ya anansi likudumpha mpanda.
Anakweza nkhope, nafunsa,
Kodi nyenyezi zilipo lero?
Ndinati zilipo, zambiri,
magetsi akazima zimabwera zonse.
Anati, ndiwerengereko.
Ndinayambira pamwamba pa thanki yamadzi,
kumanka chakumanzere.