Bondo la Telala

Chiperoni ikamabwera sindidikira wailesi.
Bondo langa lakumanja limandiuza usiku,
likulira ngati chitseko cha nyumba ya lendi
chimene mwini wake anakana kuthira mafuta.
Zaka makumi atatu ndi zinayi lapalasa makina
pakhonde la sitolo ya nsalu ku Limbe,
ulendo wautali wosafika kulikonse.
Chaka chino lati latopa.

Che Mbwana, wa zokometsera ndiwo kuseri kwa ogulitsa usipa,
anandikulungira chikasu m'kapepala ka nyuzi.
Theka la supuni yaing'ono, anatero,
mumkaka wofunda, osati wowira,
ndi tsabola wakuda wongotsina ndi zala,
pakuti chikasu ndi mlendo wamanyazi,
salowa m'nyumba popanda womuperekeza.
Zoti mkaka ndiupeza kuti sanandifunse.
Ndinathira m'tiyi wopanda mkaka
ndipo ufa wonse unakhala pansi pa kapu
kundiyang'ana.

Mlamu wanga wa ku Chilomoni anauseka ufawo.
Umenewo amasakaniza ndi mgaiwa, alamu!
Gulani muzu weniweni, wamfundomfundo ngati zala zanuzo,
muupale pamodzi ndi jinja,
ndimu pang'ono, uchi ngati ulipo.
Ndinapala muzu.
Ndinapalanso chala.

Ndaziona, mwana wanga wogwira ntchito ku Ginnery Corner,
anabwera ndi botolo la makapisozi,
mtengo wake mayunifolomu asanu ndi imodzi a sukulu,
kudula, kusoka ndi mabatani omwe.
Kumeza kamodzi ndimamva kolala ikutsika pakhosi.
Mawa lake ndameza mkono wa malaya.

Ku Gulupu ndinapeza Sisita Kamwendo,
dzina lokhalo ndinayamba kukhulupirira.
Anadina bondo, nadinanso, nati:
chikasu si mlandu, bambo, koma si msuzi woti muzimwera m'mbale.
Mukachulutsa m'mimba mudzayaka.
Mapilisi anu a kuthamanga kwa magazi musasiye,
ndipo chilichonse mukumeza muzitiuza ife,
mankhwala ena sakhalira limodzi.
Kenako anayang'ana mimba yanga osanena kanthu.
Ndinamva ndithu.

Tsoka linadza Lolemba.
Mai Chikaonda anasiya bulauzi yoyera ya Mvano
kuti ndiibweze m'chiuno lisanafike Lachinayi,
ndipo chala changa chachikulu, chopala muzu m'mawa,
chinadinda pakolala
ngati wosadziwa kulemba akulandira malipiro.
Ndinathamangira sopo. Dontho lachikasu linasanduka lofiira!
Ndinapemphera mwachidule, ndi mawu osayenera.
Mnyamata wokonza mawotchi pambali panga anati
yanikani padzuwa, limadya zimenezo.
Dzuwa liti, mwezi wa Julaye,
Mpingwe atafunda nkhungu mpaka kumapazi?

Linatuluka Lachitatu masana, lofooka ngati wochira kumene,
ndipo ndinakhala pamsewu bulauzi ili m'manja
kulitsatira pakati pa maminibasi,
ilo likasuntha inenso kusuntha,
mpaka dontho linatsala mthunzi chabe.
Mthunziwo ndinaupinda mkati, ndi kusokerera.
Mai Chikaonda akuyimba nawo mpaka lero,
chikasu changa chili pakhosi pawo, iwo osadziwa.

Tsopano ndimathira m'phala la m'mawa,
ndi kadontho ka mafuta ophikira, ndi tsabola uja,
ndipo ndimagwira supuni yokha, muzu amapala ena.

Mukandifunsa ngati chikugwira ntchito
ndikuuzani zimene ndaona.
Dzulo ndinatsika minibasi pa msika wa Bangwe
ndi kukwera kamtunda ka kwathu
osapuma pa mpanda wa a Mangulenje,
pomwe galu wawo anazolowera kundipeza.
Mwina ndi chikasu.
Mwina ndi maso a Sisita aja, poti mandasi ndinasiya.
Mwinanso ndi Ogasiti amene wayamba kufunda.

Kapu yanga yokha ndiyo ilibe chikaiko.
Mkazi wanga waikwecha ndi phulusa, ndi mchenga,
yakana.
Waiika payokha pawindo,
alendo asamwere.