Chindudu cha Loweruka

Ndinachibisa miyezi itatu
m'sokosi yong'ambika, pansi pa sutikesi
imene atate anatsika nayo sitima ali mnyamata.
Koma mphuno ya Elube sigona tulo.
Anachipeza Lachiwiri akusaka kalata ya ubatizo ya mwana,
ndipo madzulo ndinachiona pa mbale yanga
chitagona pafupi ndi nyemba.

"Idyani," anatero.

Zaka makumi awiri ndatumikira ku okushoni ya ku Willowvale,
kununkhiza mabelo a anthu ena,
kupinda tsamba pakati pa zala
kuti ndimve ngati lapsa kapena likunama.
Ndudu ya m'paketi sindinaikepo pakamwa.
Ichi anandipatsa ndi a Kaduya tsiku limene ankapuma pa ntchito,
amvekere, usameze utsi mwanawe,
ungousunga m'kamwa pang'ono
monga umasungira dzina la mnzako wakale, kenaka uutaye.

Ndinayesa kufotokoza zonsezi.
Elube anatsegula mazenera onse, mu Juni,
mphepo ya ku Mufakose ikuluma ngati galu wa aneba.

Ndinayenda njira zonse za mwamuna wolakwa.
Ndinakonza chitseko cha ku bafa chimene chinkalira kuyambira pa Khirisimasi.
Ndinakaima pa mzere wa pa mjigo tambala asanalire,
zigubu zinayi pa wilibala.
Madziwo analandira.
Nkhani yanga anaisiya panja pamodzi ndi wilibalayo.

Usiku wina magetsi atazima,
kandulo itafupika kufika pa chala chimodzi,
anayankhula akuyang'ana khoma:
"Abambo anga ankanunkha choncho
akamachokera ku mabalani a ku Mvurwi.
Anatsokomola zaka zisanu.
Beseni ndinkakataya ndine, ndili ndi zaka khumi."

Ndinalibe mwambi woyankhira.
Ndinaika chinducho m'chitini cha mabisiketi,
chitini pamwamba pa wodiropu,
ndipo mwezi wa Julayi unadutsa, Ogasiti nayenso.

Kenaka nsabwe zinagwa pa lepu wake.
Zinadzadza kunsi kwa tsamba lililonse ngati anthu mu kombi ya ku Mbare.
Phulusa linalephera. Sopo analephera.
Mankhwala a m'sitolo ankafuna madola amene tinalibe.
Lachisanu ndikuvula nsapato ndinamva mawu kumbuyo kwanga:
"Chinthu chanu chija chikadalipo?"

Malamulo anabwera osalembedwa koma olimba ngati simenti.
Loweruka lokha, dzuwa likapendeka.
Kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala, osati pakhonde.
Jekete yosutira izigona pa msomali panja.
Januwale aliyense ku chipatala, akakumvereni m'chifuwa,
ndipo ndidzapita nanu, chifukwa inu mumabweza uthenga wa theka.
Kachidutswa kotsala mundipatse,
ndikaviike m'ndowa.

Nsabwe zinafa sabata yomweyo.
Sanandiuze. Ndinangoona lepu m'mbale.

Tsopano Loweruka ndimakhala pa kireti ya mabotolo,
kudula nsonga ndi lumo, kuyatsa mosathamanga.
Ola lathunthu limapsa pang'onopang'ono m'dzanja langa.
Ana a m'nyumba yachitatu amaseka kuti madala alemera.
Elube amathirira ndiwo zake cha uko, msana utaloza kuno,
akung'ung'udza nyimbo ya ku Mvano.

Sanganene kuti wavomera, ndipo ine sindifunsa.

Koma Loweruka lathali mphepo inatembenuka,
utsi unawoloka mizere ya anyezi n'kukamupeza.
Ndinafulumira kuti ndizime.
Iye anaima, chitini chothirira chikudontha pa phazi lake,
osasuntha.
"Ankabwera ndi masuwiti m'thumba la ovolosi," anatero.
"Nawonso ankanunkha fodya. Tinkadyabe."

Atatero anandiloza ndi chibwano:
"Phulusa lanulo lisagwere pa simenti yanga.
Ndakolopa m'mawa."