Mchenga wa Dzulo

Kuseri kwa ofisina ya a Chagaka ku Moatize,
kumene sitima imadutsa ikutsokomola malasha,
kuli chulu chimene chiswe sichinamange.
Tinachimanga ndife, wilibala pa wilibala:
mchenga wopsa, wakuda ngati kunsi kwa phale,
umene unakumbatirapo chitsulo chamoto
n'kutayidwa m'mawa mwake.

Zaka zisanu ndi ziwiri tinkautcha wakufa.
Lole inkabwera ndi wina woyera wa ku Revubwe,
a Chagaka n'kuwerenga mametikali osaphethira.
Chaka chino mwini lole anatchula mtengo
umene unawakhazika pa chigubu cha mafuta.
Anayang'ana kuseri.
Kenako anayang'ana ine.

Ndiye ndili pano, Belimira wosesa pabwalo,
ndi chidutswa cha sipulingi ya galimoto m'manja,
kuswa zibuma dzuwa lisanakwiye.
Sefa wanga ndi waya wa pazenera
wokhomedwa pa matabwa a bokosi la tomato.
Pamwamba pamatsala misomali, mikanda ya aluminiyamu,
timadontho ta chitsulo timene tinasochera njira.
Maginito a sipika yakufa ndimawakoka pachingwe
monga mwana amakokera galimoto yake ya mawaya,
ndipo amabwerako atamera ndevu.
Fumbi lopsa ndimalipatsa mphepo, nsalu ili pamphuno.
Komabe usiku ndikatsokomola, chimatuluka n'chakuda.

Mabeseni anayi a wakale, limodzi la watsopano,
dongo la pachulu chenicheni zikho ziwiri,
fumbi la malasha lotola m'mbali mwa njanji,
madzi pang'ono, owaza ndi zala ngati pa fodya wouma.
Kenako kuponda.
Mapazi amadziwa msanga kuposa mutu.
Nditape wodzaza dzanja, ndifinye, ndithyole pakati:
ukathyoka osayoyoka, wadzuka.
Ukamata kuzala, wamwa mopitirira,
chitsulo chikaugunda udzalavula.

Lachinayi khasu linagunda chouma pansi pa mulu,
chibuma chophikidwa ndi moto, chachikulu ngati njerwa,
ndipo pankhope pake chilembo F chotembenuka.
Ndi Fabiyawo yekha, mlongo wanga,
amene ankasindikiza dzina m'chikombole
kuti gudumu likatuluka limutchule.
Anakwera chapa ya ku Beira
chaka chimene mbuzi zathu zinatha ndi matenda.
Foni yake inalira miyezi itatu osayankhidwa,
kenako inasiya n'kulira komwe.

Ndinachiika pansi pa mtengo wa masawu.
A Chagaka anachiona, sananene kanthu,
anangokhotetsa wilibala kuti isachigunde.
Tsiku lonse ndinasefa nditachifulatira,
koma msana uli ndi maso ake.

Madzulo bokosi la gudumu la mpope
linaperewera pang'ono kuti lidzale,
mwini wake atakhala pachipata kuchokera masana,
munthu wa ku Kambulatsitsi, dimba lake likufota.
Wosefa kale unali utatha, ng'anjo itafiira.
Palibe anandituma.
Mulu unali pomwepo, ndikanakumba kwina.

Ndinapita pansi pa masawu.

Chinasweka mosavuta kuposa zibuma zonse,
kamodzi kokha, phwa,
n'kudutsa pasefa osasiya kanthu pamwamba,
ngakhale kamwala koti ndimange kunsonga ya chitenje.

M'mawa gudumu linatuluka losalala, lopanda chibowo.
Mwini wake analiliza ndi sipanala, linayankha bwino,
analimanga pa njinga yamoto ndi mphira wa chubu, uyo.
Chikombole anachiswanso, monga mwa masiku onse,
n'kundikhuthulira pamapazi chikadafuka utsi.

Sindidziwa kuti F ali mbali iti.
Mwina m'njere izi zapsa kwambirizi,
mwina wapita kale ndi mphepo cha kunjanji.
Ndakhala pachigubu, sefa pamiyendo,
kudikira kuti uzizire.
Loweruka tili ndi nyundo za chigayo zisanu ndi imodzi.