Tsamba Lililonse Faifi Handiredi

Mayi Nyamkandawire amabwera Lachiwiri,
mvula ya Mzuzu ikuwalondola ngati ngongole,
ambulera wothyoka nthiti ziwiri,
mapepala ali m'jumbo ya shuga.
Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuwatayipira
m'kashopu kanga ka pa Katoto:
bakha wosowa nsapato,
nyerere imene inaphunzira kunena zikomo,
limodzi, awiri, atatu, tiyeni tiwerenge mapeyala.
Wongani wanga anadziwira kuwerenga
pa masamba amene makina anatafuna.

Lero akuti: Izi mwana asaone.

Nkhani yoyamba.
Mmisiri wa mabokosi a maliro ku Luwinga
amene Lamulungu lililonse amakazonda odwala kuchipatala
atanyamula phava la nthochi,
napempherera aliyense mosathamanga,
dzanja likuyenda kuchokera kumutu kukafika kuphazi,
chikhato, chikhato, chikhato.
Odwala ankamukonda.
Ankati bambo uja ali ndi dzanja lofunda.

Ndinaseka. Kenako ndinayang'ana kukhomo.

Yachiwiri, mayi wa ku Chibavi
amene mwamuna wake anatsikira kuli chete pa twente-folo
penshoni ikutuluka pa twente-seveni.
Unali Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa.
Anamukhazika pakhonde,
chipewa, bulangete, wailesi pamiyendo.
Anansi ankapereka moni podutsa
n'kumauzana kuti akulu aja masiku ano afatsa,
asiya kuyankha mwamwano.

Ina ya wakabaza
amene wokwera wake anafera pa chitunda cha ku Masasa.
Anapalasabe mpaka kufika,
poti mtengo anagwirizana wa mpaka pakhomo.

Chondivuta n'chakuti mawu ake ndi omwe aja,
afupiafupi, osambitsidwa bwino, oyenera Sitandade Wani.
Onani bokosi.
Bokosi ndi lalifupi.
Onani malume.
Malume ndi aatali.
Onani macheka.
Ndipo pansi pa nkhani iliyonse,
dzanja lawo losaiwala ntchito lalemba:
Mwaphunzirapo chiyani?
kenako n'kukhwatcha.

Ndinati, Mayi, chachitika n'chiyani?
Iwo ali kalikiliki kuwongola ma handiredi onyowa pa tebulo.
Akuti, bakha uja ndakhala ndikumupezera nsapato
zaka makumi atatu, buku lililonse amazipeza.
A Mhone tinawaika alibe.
Mlamu wanga anawavula usiku pa siwa,
akuti n'zatsopano, kumene akupitako sakayenda.
Ndinabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka,
azimayi a mvano n'kundigwira,
ati lirani, mayi, lirani, zituluke.
Sindinkalira, Chiukepo.
Anatero, n'kupempha lisiti.

Magetsi anathima cha m'ma folo.
Ndinawerenga zotsalazo pa windo,
mvula ikusanduka nkhungu, nkhungu ikumeza maminibasi.
M'busa, sing'anga, mphunzitsi wamkulu,
tauni yonse ili m'jumbo ya shuga,
aliyense akufa mwa njira yake, mwaulemu,
wina ali pa mzere wa kubanki,
osazindikirika mpaka Lachisanu.

Nkhani yomaliza ndi yaifupi.
Ndi ya mnyamata wina wotayipa
amene amakulitsa zilembo pang'onopang'ono
ndi kutalikitsa mipata ya mizere
kuti masamba achuluke,
poganiza kuti mayi wokalamba wa magalasi saona.
Onani mnyamata.
Mnyamata ali ndi shopu.
Shopu ili ndi waya wosenda pafupi ndi ketulo.
Tsiku lina mvula ikugwa,

Pathera pomwepo. Pansi pake mbee.
M'mphepete alemba ndi pensulo:
mathero ndibweretsa Lachiwiri.

Magetsi atayaka ndinachepetsa zilembo,
masamba sikisite-thuu anabwerera pa fote.
Waya ndamukulunga ndi tepi, kawiri.
Wongani wandifunsa ngati agogo a bakha abweretsa buku lina.
Ndati eya.
Wati muli nyama yanji?
Ndati gona.