Mamilimita Asanu ndi Awiri

M'chipinda chapansi pa chipatala, kuno ku Porto,
momwe zenera limangoona mapazi a odutsa,
ine ndimayeza nkhope za anthu.
Osati maso, osati kumwetulira,
koma fupa lokha, loyera mbee pa chithunzi cha ekisire,
nditaliphimba ndi pepala lopyapyala ngati khoko la anyezi.

Kadontho pakati pa chigaza.
Kadontho pomwe mphuno imaphukira pachipumi.
Kena pansi pa mphuno, kena pansonga pa chibwano.
Ndikatilumikiza ndi lula pamabadwa ngodya,
ndipo ngodya sinama,
amatero Dokotala Azinheira
akupsontha khofi wozizira kalekale.

Benilde anabwera ali ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi,
atakulunga sikafu mpaka kumlomo, kunja kuli dzuwa.
Nsagwada yam'munsi inali itatsogola
ngati dilowa yomwe wina waiwala kutseka.
Mano akutsogolo sankapatsana moni.
Buledi ankamunyema ndi zala n'kumutafunira kumbali.
Ndinamujambula ndi pensulo yakuda.

Chaka ndi theka cha mawaya ndi timphira.
Kenako m'mawa wina, nkhungu itameza milatho ya pa Douro,
anadula fupa uku ndi uku, kulikankhira m'mbuyo,
kulimanga ndi tizitsulo tomwe adzalowa nato m'manda.
Masaya anafufuma ngati mtanda.
Masabata asanu ndi limodzi, supu wa pakapaipi.
Chotupa sindiyeza. Ndimadikira.
Mnofu umachedwa kuvomera
zomwe fupa lavomera kale.

Lero, pensulo yofiira.
Ndasanjikiza mapepala awiri pagalasi loyaka,
kuwakumaniza patsinde pa chigaza, pomwe sipasuntha.
A Benilde awiri akuyang'ana khoma limodzi,
wakuda patsogolo, wofiira pambuyo pang'ono,
pakati pawo kampata kosakwana chikhadabo changa:
mamilimita asanu ndi awiri.
Theka la milimita fupa labweza lokha.
Nalonso limakumbuka kwawo.

Pafomu ndalemba: zatheka.
Koma fomu ilibe bokosi lolembamo
kuti waluma apozi pakhonde, khwaa!
n'kuseka madzi akuyenderera m'khosi.
Ilibe bokosi la dzanzi la pamlomo wam'munsi,
kadera ngati kakhobidi, komwe mpsompsono sufika,
kapena la foni yake yomwe inamukana masabata atatu,
ati nkhope iyi sindiidziwa.

Madzulo kunatsika bambo ake, a Telmo,
msodzi wa kutsidya, ku Afurada,
chipewa m'manja, fungo la mchere ndi dizilo.
Anaima cham'mbali pakuwala kwa galasi
ndipo lula sindinamufune:
chibwano chomwecho, ngodya yomweyo,
mzere wanga wakuda utavala jombo.

"Chinali cha atate anga," anatero.
"Padoko ankatidziwira patali."

Mwana wanu akutafuna bwino tsopano, ndinayankha.

"Ndikudziwa. Dzulo wandithera nyama m'mbale."
Anaseka pang'ono, kuseka kukuthera panjira.
Chala chawo chokhakhala, chodulidwadulidwa ndi chingwe,
chinatsata mzere wakudawo kuchokera pamphuno,
kutsika pamlomo, kukhota,
n'kuima pansonga paja.
"Ili lakaleli, mumataya?"

Sitiloledwa. Liyenera kugona m'kabati zaka zambiri.

Choncho ndinang'amba pepala latsopano,
kusongola pensulo yakuda,
ndi kuyambanso, dontho ndi dontho,
iwo akupumira paphewa panga.
Manambala sindinalembe.
Kanali koyamba kujambula nsagwada
popanda woifunira kusintha.

Anapinda kanayi, kuika m'chipewa, kuvala.

Nditazimitsa galasi, pazenera panadutsa mapazi:
jombo zija, zikukoka pang'ono,
ndi nsapato zofiira patsogolo pake,
zikuima, zikudikira,
kenako zonse pamodzi kulowera kumtsinje.