Ziboda pa Utuchi

Ndimafika nkhungu isanachoke pa Bembeke,
reki paphewa, zala zili gwa ndi chisanu cha Juni.
Bwalo lathu si lalikulu:
utuchi wa paini wosakaniza ndi mchenga wa kudambo,
ndi zitini zisanu ndi zitatu za penti
zimene Mayi Nangozo analembapo malembo.
Sukulu ndinaithawa ndisanathe folo koloko,
koma malembo awa ndimawadziwa ngati ana anga.
A amakhala pakhomo, C moyang'anana naye,
E ndi uja mphepo imakonda kumugwetsa.

Akabaza akamadutsa amaseka.
Ati, "Kavalo wanji wosapita kulikonse?
Tsiku lonse zungulizunguli ngati mbuzi ya pachingwe.
Tibwerekeni atinyamulire mbatata ku Lizulu."
Ine sindiyankha. Ndimakoka reki.

Kalabu yathu ili ndi akavalo atatu, zishalo ziwiri,
ndi chipewa cholimba chimodzi
chimene chamwa thukuta la mitu khumi ndi inayi.
Wopanda ndalama amasonkha madeya.
Aphunzitsi a Chimtengo amabwera ndi udzu pangolo
nabwerera ndi manyowa a kabichi wawo,
ndipo pamsonkhano wa Loweruka
timakangana za mankhwala a nkhupakupa
mpaka tiyi kuzizira m'fulasiki.

Mwatitha anabwera ndi mvula zoyamba,
mwana wa wosoka nsapato,
manja ake ozolowera kukoka ndowa pachitsime.
Anam'patsa Kachewere, wofiirira, wamakani.
Mwana kukoka, kavalo kukoka,
khosi gwa, makutu chogona.
Madzulo ndikamawerenga pansi
ndinkapeza njira ya munthu wochokera kumowa.

"Usamulamule," ankatero Mayi Nangozo
ali chiimire pakati, m'chikhoto cha malemu amuna awo.
"Mupemphe.
Chingwecho gwira ngati wagwira mwanapiye:
ukafinya afa, ukalekerera athawa.
Lankhula ndi msana, lankhula ndi miyendo.
Pakamwa tseka."

Analira kuseri kwa khola. Ndinamva, ndinapitiriza kusesa.
Kawiri anagwa.
Kenako anasowa milungu itatu,
amayi ake ati mtsikana satang'adza pamsana pa nyama.
Mayi Nangozo anatolera nsapato zong'ambika za kalabu yonse,
nakakhala pabenchi ya bambo a mwanayo
mpaka dzuwa kupendekera ku Mozambiki.
Zimene anakamba sindikuzidziwa.
Lolemba mwana anabwera, chipewa chinam'kwana ngati kale.

Lachinayi lapitali kunalibe woonerera.
Ndinali chowerama, ndikutola miyala m'mbali,
ndipo ndinangomva kuti phokoso lasintha:
ziboda zikugunda mofanana,
ngati makina a telala amene alibe ngongole.
Ndinadzuka.
Khosi la Kachewere litapinda ngati chogwirira ambulera,
thovu loyera pamilomo,
chingwe chili phee, chosakoka, chosalendewera,
Mwatitha osachita kanthu,
kapena zimene ankachita sizinali za maso anga.
Mayi Nangozo anatsegula pakamwa
kenako anatseka.

Onse atapita ndinalowa ndi reki.
Pakati pa B ndi E panali mkombero
wozungulira ngati kamwa la ndowa,
chiboda chambuyo chitaponda ndendende
m'phazi la chiboda chakutsogolo,
ulendo wonse, osaphonya.

Ntchito yanga ndi kufufuta. Amandilipira zimenezo.
Ndinasalaza kwa A, ndinasalaza kwa C,
E ndinamuimika, ndikumuikamo mwala,
koma pakatipo ndinalambalala
ndikuyenda chonyang'ama ngati m'tchalitchi.

M'mawa Mayi Nangozo anaima pamenepo nthawi yaitali,
manja m'matumba a chikhoto.
"A Lufeyo, reki yathyoka?"
Ndinati ayi.
"Ndiye salazani. Lero ayambirenso."